Anankafumbwe a Che Usumani

Che Usumani Chande anabadwira ku Nselema, m'banja la alimi a mpunga, koma khasu silinawakonde ndipo iwonso sanalikonde. Ntchito ya matabwa anaiphunzira kwa amalume awo amene ankakhoma zitseko pamsika, ndipo pomwe ndevu zinkamera n'kuti amalumewo ataposedwa kale. Atakwatira Nafisa, mwana wa Che Mohamedi a ku Ntaja, anaona kuti ku Nselema ogula mipando ndi omwewo chaka ndi chaka. Anamanga zida zawo m'thumba, nasamukira pa Phalula, m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe galimoto zochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe zimadutsa tsiku lonse.

Anaimika shedi ya udzu patsinde pa mtengo wa msangu, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu dzina lawo linamveka kuyambira kwa Nsamala mpaka ku Utale. Mphunzitsi akalandira nyumba, nesi akakwatiwa, ansembe akafuna mabenchi, onse ankathera pamsangupo. Anali munthu wamfupi, wa mikono ikuluikulu, wosakonda kuseka, pensulo ili kukhutu ngakhale popita ku mzikiti. Akamaliza mpando ankaukwera ndi mapazi onse awiri pamaso pa mwiniwake, n'kudumphapo kawiri, kenako n'kutsika osanena kanthu. Mawu a chiyani pomwe mpando wadziyankhulira wokha?

Mtendere umenewu anausokoneza ndi a Lucius Mailosi.

A Lucius anali a konkuno kwa Nsamala, koma anakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri ku Zomba akuphikira banja lina la azungu. Azunguwo atabwerera kwawo, a Lucius anabwera kudzamanga nyumba ya malata kuseri kwa shedi ya Che Usumani, mtunda woti munthu akatsokomola mnzake amamva. Tsiku losamuka, pa lole panatsitsidwa kabati yakuda bii, yaitali kuposa chitseko, yokhala ndi kalilole pakati ndi maluwa osema pamwamba. Anthu asanu ndi mmodzi anaisenza akubuula. Che Usumani anasiya puleni yopalira matabwa, naima chapatali, manja ali kumbuyo.

“Imeneyi ndi ya nthawi ya Kwini Vikitoliya,” a Lucius anauza anthu amene anasonkhana. “Inabwera pa sitima ya pamadzi agogo athu asanaone nsapato.”

Kabatiyo inali chiyambi chabe. A Lucius anali ndi matenda a katundu wakale. Mwezi ukatha ankavala jekete, n'kukwera minibasi kukazungulira mashopu a okushoni ku Balaka, ku Liwonde, mwina mpaka ku Zomba komwe. Mashopu amenewa amagulitsa zotsala za anthu: mabedi achitsulo, mawilo a njinga, mawailesi osalira. A Lucius ankafukula m'milu imeneyo ngati nkhuku padzala, ndipo nthawi zina ankabwerako ndi katebulo ka mwendo umodzi wopota, kapena bokosi la madirowa lokhala ndi zogwirira zamkuwa. Zambiri zinali zinthu zimene azungu akale a m'maesiteti ndi ku boma anasiyira makukhi ndi makalaliki awo, ana a anthuwo n'kuzitaya posadziwa chimene ali nacho.

Poyamba anthu ankaseka. Koma a Lucius akapukuta zinthuzo n'kuziika pabalaza, oseka aja anayamba kupempha kuti alowe aone. Ndipo tsiku lina hedimasitala wa pasukulu, munthu amene mipando yonse ya m'nyumba mwake inachokera pamsangu, anafika pa shedi n'kunena kuti, “Che Usumani, ndikufuna tebulo. Koma likhale ngati lija la kwa a Lucius. Mungathe?”

Mungathe! Mawu amenewo anawabaya Che Usumani ngati kachitsotso kolowa pansi pa chikhadabo.

Chowawa kwambiri chinali chakuti a Lucius sankadziwa ngakhale kukhoma msomali. Dirowa ikakana kutseguka, mwendo ukagwedera, ankabwera nazo pamsangu pomwepo, akumwetulira.

“Achimwene, tandionereni kamwana aka. Manja anu ndi mankhwala.”

Che Usumani ankalandira nkhope ili gwa. Koma a Lucius akangopotoloka, ankatembenuza chinthucho chagada n'kuyamba kuchiwerenga ndi zala. Matabwa ankalumana okhaokha ngati mano a ng'ona, popanda msomali ngakhale umodzi, ndipo patapita zaka zoposa zana mpeni sunkalowa pamfundo. Mtengo wake sunali m'bawa, sunali mlombwa. Ukaupala unkanunkhira fungo lachilendo. Mmisiri amene anachita zimenezi anafa kalekale kutsidya kwa nyanja, koma Che Usumani ankamuchitira nsanje ngati ali pa shedi yoyandikana nayo. Ndipo nsanje ina, yoposa apo, inali pa a Lucius.

“Mulungu amapatsa nyama opanda mano,” ankadandaula kwa akazi awo. “Munthu wongodziwa kukazinga mazira! Ukamufunsa kuti mfundo iyi anaidula bwanji, angoti ndi ya Kwini Vikitoliya. Kwini Vikitoliyayo ankagwira sowo?”

“Nanga akulakwirani chiyani?” a Nafisa ankafunsa. “Ntchito akukupatsani, ulemu akukupatsani.”

“Ulemu womwewo ndi umene ukundinyansa.”

Kenako kunabwera njala ya 2002. Chaka chapitacho mvula inachuluka, chimanga chinaima m'madzi n'kuchita chikasu, ndipo nkhokwe zambiri zinatha Khirisimasi isanafike. Pofika Januwale anthu ankawiritsa mango osakhwima, ena kukumba zitsa za nthochi n'kuzisinja. Madeya, amene kale ankapatsa nkhuku, anasanduka chakudya cholandirira mlendo. Pamsewu pa Phalula panadzaza anthu ogulitsa mbuzi zowonda, mbale, malata ozula padenga, koma galimoto zinkangodutsa.

Munthu wanjala saitanitsa tebulo. Kwa kanthawi Che Usumani anakhalira kukhoma mabokosi a maliro a Akhristu, ntchito imene kale ankaikana. Posakhalitsa mabokosiwo nawonso anasiya kufunika, anthu atayamba kuika abale awo m'mphasa. Ana awo awiri, Sharifa ndi mng'ono wake, anali atakwatiwa kwawo ku Machinga, komwe zinthu zinali chimodzimodzi. Pakhomo anatsala awiri, akudya kamodzi patsiku, tsiku lina osadya.

Kwa a Lucius utsi unkafukabe. Akazi awo, a Dalesi, anali ndi dimba ku Utale limene linabereka chimanga cha m'chilimwe, ndipo mwana wawo wa ku Lilongwe ankawakumbukira. Sanali anthu oumira. Amayi ambiri a m'mudzimo ankachoka pakhomo pawo ndi kambale kobisa m'chitenje. Koma matenda aja a katundu wakale sanawasiye, ndipo chaka chimenecho mashopu a okushoni anasefukira. Mabanja amene anasunga mpando wa agogo awo zaka makumi asanu anaunyamula kukausinthanitsa ndi chakudya cha masiku atatu.

Mu Febuluwale Che Usumani anapalasa njinga kupita ku Balaka kukagulitsa makalampu awo awiri opanira matabwa ndi puleni yaikulu. Analowa m'shopu ya Che Shukuru, kuseri kwa msika, ndipo ali mkati mokambirana maso awo anagwera pakona. Pansi pa matayala ndi neti yong'ambika panatulukira phazi la mkango, losemedwa pamtengo, zala zake zitafumbata mpira.

Anachotsa matayalawo okha. Unali mpando wa mikono, wamsana wautali. Mikonoyo inkatsika mopindika ngati khosi la kakowa n'kukathera m'masamba opiringizika. Chikopa cha pokhalira chinali chitang'ambika, ubweya wa kavalo uli panja, ndipo mwendo umodzi wakumbuyo unali utasweka m'litali. Koma msana wonse, ndi maluwa ake, unasemedwa pa thabwa limodzi. Che Usumani anagwada pafumbi. Anaiwala njala, anaiwala makalampu. Anausisita mpandowo mpaka Che Shukuru anatsokomola.

“Wabwera dzana, kuchokera kwa mayi wina wamasiye wa ku Ulongwe. Ndalama sindikufuna, Che Usumani, ndalama sizikugula kanthu masiku ano. Ndowa ziwiri za chimanga, mwautenga.”

Ndowa ziwiri! Zida zawo zija zinawapezetsa kathumba ka madeya kokwana m'basiketi ya njinga. Ulendo wobwerera anaupalasa osaona msewu. M'mutu munali mpando wokhawokha, ndi pemphero limodzi loipa: a Lucius asadutse ku Balaka mwezi uno.

Lachinayi lotsatira pikapu ya matola inaima pamsangu. A Lucius anatsika, thukuta lili kamukamu, chimwemwe chili pankhope ngati munthu wobwera ndi mkwatibwi.

“Achimwene! Bwerani muone chimene Mulungu wandisungira!”

Che Usumani sanafunike kuyandikira. Phazi la mkango linali litatulukira m'mbali mwa pikapuyo.

“Ndi mwendo wokhawu,” a Lucius anatero atautsitsa. “Chikopa ndikafuna ku Zomba njala ikatha. Muuone bwino, ndibwera Loweruka.”

Madzulo a tsikulo ndi tsiku lotsatira lonse mpandowo unakhala pakati pa shedi, Che Usumani akuuzungulira. Ankaganiza za pabalaza pa a Lucius, hedimasitala atakhala pamenepo akumwa tiyi, a Lucius akunena za Kwini wawo uja. Lachisanu, atabwera kopemphera, anatenga kamsomali kakang'ono kwambiri, nadula mutu wake, n'kukamangirira pa chiboolero. Anaboola timabowo kunsi kwa pokhalira ndi m'mwendo wosweka uja, timabowo makumi atatu kapena kuposa. Kenako anapala kachidutswa ka paini ndi sandipepa, ufa wake nauthira m'timabowomo ndi pansi pomwe. Dzanja limene linali lisanawonongepo thabwa mwadala linagwira ntchitoyo mosazengereza.

Loweruka anawaonetsa a Lucius.

“Pepani, achimwene. Mwagula mtembo. Wafumbwa mkati monse, onani ufawu. Anankafumbwe a m'matabwa awa ndi oipa kuposa chiswe. Mukaulowetsa m'nyumba, pofika Juni kabati ija idzakhala ufa, matebulo onse ufa.”

A Lucius anagwira ufawo, naufikisa pakati pa zala. Nkhope inagwa.

“Mankhwala palibe?”

“Mankhwala ake ndi moto.”

A Lucius anayang'ana maluwa a pamsana paja. “Ine sindingathe kuuotcha,” anatero motsitsa mawu. “Mundiotchere ndinu. Koma ndisaone utsi wake.”

A Lucius atangokhota, Che Usumani anaufunditsa mpandowo ziguduli n'kuulowetsa kuchipinda kwawo.

Masabata atatu otsatira anali okoma modabwitsa kwa munthu amene m'mimba mwake munalibe kanthu. Ankatseka chitseko, n'kutsegula kawindo kakumbuyo kuti kuwala kulowe. Mwendo uja anaumata ndi guluu wotsala, naumanga ndi mphira ya njinga poti makalampu anali atapita. Timabowo tawo tomwe anatitseka kamodzikamodzi ndi phula la njuchi losakaniza ndi mwaye. Litsiro la zaka zana analichotsa m'masamba osema aja ndi nthenga ya nkhuku. Mtengowo unayamba kuwala mofiirira, ngati uchi wa m'mphako.

A Nafisa ankaonerera ali gone pamphasa, poti mphamvu zoyendera zinali zitayamba kuwathera.

“Bambo a Sharifa, mwaba.”

“Ndapulumutsa. Kwa uja ukanangokhala chokhalira alendo.”

“Nanga kuno ndi chiyani? Simuukhalira, simungautulutse, simungaugulitse. Tidya mpandowo?”

Che Usumani anapitiriza kupukuta.

Kumayambiriro kwa Malichi mapazi a a Nafisa anatupa, ukadina chala dzenje n'kutsala. Mbiri inafika kuseri kwa shedi. M'mawa wina, Che Usumani ali kuchitsime, a Dalesi ndi a Lucius anabwera ndi lichero la ufa ndi kabotolo ka mafuta. Anaodira, wodwala anayankha chapansipansi kuchipinda, ndipo a Dalesi, monga mayi mnzake, anakankha chitseko. Chitsekocho chinatseguka chonse.

Che Usumani pofika ndi ndowa ya madzi anapeza a Lucius ataima pakhomo la chipinda, chipewa chili m'manja. Dzuwa la pakawindo linali litagwera pa mpando ndendende.

Palibe anapereka moni. A Lucius analowa, nawerama, napendeketsa mpandowo. Anayendetsa chala kunsi kwa pokhalira, pomwe panali timadontho ta phula.

“Anankafumbwe a pa Phalula ndi ophunzira,” anatero. “Mabowo onse saizi imodzi.”

Anaubwezera pansi bwinobwino. Mawu awo sanakwere.

“Mukanangondipempha, achimwene.”

“Mukanandipatsa?”

A Lucius anaganiza kaye. “Iyayi.”

Apo ndiye chithupsa cha zaka zambiri chinaphulika. Che Usumani anatula ndowa mwamphamvu madzi n'kutayikira.

“Ndinauona ndine poyamba! Ndinagwada pafumbi kwa Shukuru inu musanadziwe n'komwe kuti ulipo! Mukudziwa chiyani za mpando uwu? Mukudziwa kuti msanawu ndi thabwa limodzi? Mukudziwa masiku amene munthu anathera pa phazi limodzi ili? Inu mumangoti Kwini, Kwini. Muli ndi chimanga, basi. Ine ndili ndi maso ndi manja, koma ndilibe chimanga. Chilungamo chake chili pati?”

Atatero anatsamira chimango cha chitseko.

“Za matabwa sindidziwa, n'zoona,” a Lucius anayankha. “Chimene ndikudziwa ndi ichi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinkapukuta mipando yotere m'mawa uliwonse. Tsiku lina msana unandipweteka, ndinakhalapo pang'ono, dona n'kundipeza. Sanakalipe. Anangoitana mtsikana wantchito kuti abwere ndi nsalu apukute pomwe ndinakhalapo, ine ndikuona. Ndiye ndinalumbira kuti ndisanafe ndidzakhala pa mipando imeneyi m'nyumba mwanga, nsapato nditavula. Inu muli ndi chifukwa chanu, ine changa.”

A Dalesi, amene nthawi yonseyi anali atagwada pambali pa wodwala, anadzuka n'kumanga chitenje.

“Amuna awiri akuluakulu kukanganirana chokhalira, munthu akutupa mapazi pamphasa. Tiyeni, bambo. Mayi, ufawo muyambe ndi phala lamadzimadzi, musafulumire. Ndibweranso mawa.”

Anapita, mpando anausiya pomwepo. Lichero analisiyanso, ndipo limenelo ndi limene linawapweteka Che Usumani koposa. Akanakonda kutukwanidwa, ngakhale kuitaniridwa apolisi. Koma anakoleza moto okha, naphika phala, nawamwetsa akazi awo ndi supuni. Iwonso anamwa, misozi ya manyazi ikugwera m'kapu, chifukwa njala ilibe ulemu.

M'mawa mwake anatola mapepala a matumba a simenti, nawayala pansi. Tsiku lonse anayeza mpandowo mbali iliyonse, kujambula kupindika kwa mikono, kudinda masamba aja popaka makala papepala. Atamaliza anausenza pamutu, osaufunditsa kanthu, nadutsa nawo pamsewu dzuwa likuswa mtengo, anthu ogulitsa mbuzi akuyang'ana. Anautula pakhonde pa a Lucius, nabwerera osaodira.

Chimanga chatsopano chinacha mu Epulo. A Nafisa anachira, ngakhale mano awiri anatsala m'njalamo, ndipo ubwenzi wawo ndi a Dalesi unakula mpaka kumapitira limodzi ku dimba. Amuna awiriwo ankapatsana moni, pamaliro ankakhala mbali imodzi, koma a Lucius sanabweretsenso chinthu pamsangu. Dirowa ikavuta ankaikweza minibasi kupita nayo kwa kalipentala wina wa ku Balaka, wachinyamata wokonda misomali. Che Usumani akaona zimenezo ankalephera kudya.

“Akaiwononga,” ankatero. “Aikhoma sikisi inchi ngati khola la nkhumba.”

Pa mapepala a simenti paja anapangapo mipando isanu ndi iwiri m'zaka zisanu ndi chimodzi, ya m'bawa wa ku Mangochi. Woyamba anauwaza nkhuni. Wachitatu unagulidwa ndi mwini malo ena ogona alendo ku Liwonde, amene anaitanitsanso ina, ndipo ndi mipando imeneyo imene inawagulira malata ndi makalampu atsopano. Anthu ankati ndi yokongola kuposa wa a Lucius. Iwo ankapukusa mutu. Phazi la mkango linkawakanika. Lawo, ankati, limaoneka ngati la galu wonenepa.

A Lucius anamwalira mu 2009, atadwala shuga. Bokosi lawo anakhoma ndi Che Usumani, la mlombwa, mfundo zolumana zokha popanda msomali, ndipo a Dalesi atafunsa za malipiro anangotembenuka n'kumapita. Patatha mwezi mwana wa ku Lilongwe uja anabwera ndi lole kudzatenga mayi ake ndi katundu yense. Che Usumani anaima pamsangu akuona kabati, matebulo ndi mabokosi a madirowa zikukwezedwa. Mpando uja unakwera pomalizira, chadodolido, ndipo wina anaponya chingwe cha nayiloni n'kuchikoka pamwamba pa maluwa a pamsana penipeni.

“Imani!” Che Usumani anakuwa.

Anathamanga ndi thumba lachiguduli, nakwera pa tayala, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, nalipinda kanayi n'kulilowetsa pansi pa chingwe. Mwana wa a Lucius anathokoza mwaulemu, osadziwa kuti mkuluyu ndi ndani kwenikweni pa mpandowo. Lole inalowa mumsewu n'kulunjika kumpoto.

Lero Che Usumani maso achita khungu, sowo anaipachika. Amakhala pakhonde pa nyumba yawo ya malata, pampando wa pulasitiki umene mpongozi anawagulira, chifukwa ndi wopepuka kuusuntha potsata mthunzi. Akamva kuti wina wabwera kuchokera ku Lilongwe amamuitanitsa, n'kumufunsa ngati akudziwa kumene mwana wa a Mailosi amakhala, ngati analowapo m'nyumba mwake, ndipo ngati pabalaza pake pamafika dzuwa la masana, poti thabwa lakale limasweka ndi dzuwa. Mpaka pano sanapezeke woyankha.